Mkodzo Wanga pa Dzina la Anjira

Kwathu ku Chiradzulu mkodzo sitipatsana. Ukakugwira uli pa njira, umapatukira kuseri kwa chitsamba, ukatha n'kufotsera ndi phazi, chifukwa sudziwa amene akubwera m'mbuyo mwako ndi zimene wasunga mumtima. Tsitsi ukameta umakwirira, zikhadabo chimodzimodzi. Amayi anga anandiphunzitsa zimenezi ndili kamtsikana, ndipo ndinazisunga mpaka imvi. Ndiye mukamva kuti ine yemweyo ndinadzaza chigubu ndi mkodzo wanga, n'kuchikulunga m'chitenje, n'kukwera nacho basi ndi sitima kudutsa London yense kukachipereka m'manja mwa munthu wina, mudziwe kuti munthuyo sanali munthu wamba kwa ine. Anali anjira anga.

Ana obadwira kuno chinjira sachidziwa. Ndi ubwenzi wa amayi awiri osakhala pachibale, koma woyamba poyera, anthu akuona. Ife tinayamba titangokwatiwa kumene. Iwo anabwera kwathu ndi mbale yophimba, ya maluwa ofiira m'mbali, ndi nsalu ziwiri zofanana, ina yawo ina yanga. Ine ndinakabweza nkhuku ndi lichero la mtedza. Kuyambira pamenepo matenda ako ndi ake, mlendo wako ndi wake. Zimene sungauze mchemwali wako wa bere limodzi umauza anjira. Ndipo tsiku lako likakwana, wagona pamphasa osadzukanso, amene amakhala kumutu kwako n'kumaingitsa ntchentche ndi iwowo.

Anjira ndi amene anayamba kubwera kuno. Amuna awo oyamba atamwalira, achimwene awo anawaitana, ndipo patapita nthawi tinamva kuti akwatiwa ndi bambo wina wa ku Chipata, woyendetsa basi, akukhala ku Tottenham. Ine ndinatsatira mwana wanga wamkazi, nesi, atabereka mwana wake woyamba. Anati, "Amayi, bwerani mudzandigwirire mwana, mashifiti andimaliza." Ndinabwera. Ankakhala ku Thamesmead, mu fulati ya pamwamba zedi, kumene ukasuzumira pawindo umangoona mtsinje wotuwa ndi nyumba zofanana ngati zoumbidwa m'chikombole chimodzi.

Masiku amene makolo ake anali ku ntchito, ine ndi kamdzukulu kanga, kamtsikana, tinkamvana bwino. Koma Loweruka, onse ali pakhomo, ndinalibe chochita. Mbale makina, zovala makina, kusesa nakonso makina. Ndinkangokhala pa sofa manja ali pamiyendo ngati munthu wofika pamaliro a munthu amene samamudziwa. Ndinadandaulira anjira pa foni.

"Ndiye mukuvutikiranji?" anatero. "Ine ndili ndi ntchito ziwiri, msana wanga watha. Tengani ya ku hotela ya Loweruka."

"Mapepala anga salola ntchito, anjira."

"Mapepala ndi anga, manja ndi anu. Anthu a ejensi yotipezera ntchito satiyang'ana kumaso. Mukavala yunifolomu n'kumanga duku, ndinu ine basi. Akaitana dzina langa, muzingoti yesi."

Ndinayamba kuyankhira dzina lawo. Sizinali zachilendo. Ambiri mwa amayi amene tinkakankha nawo tingolo ta matawulo anali ndi mayina obwereka, moti wina ankaitanidwa mpaka supavaiza kusasa mawu iye asanakumbukire kuti lero ndi ndani. Mwana wanga sanakondwe nazo, koma anaona kuti ndayamba kuseka, anangondileka.

Kuwerenga sindidziwa, ndiye manambala a pazitseko sankandithandiza. Ndinkadziwa malo ndi zithunzi zimene anapachika pafupi ndi lifiti. Kunali korido ya maluwa, ya sitima ya pamadzi, ndi ya hatchi. Yanga inali ya hatchi. Magolovesi ankatipatsa, koma ine ankanditukutitsa manja, komanso litsiro sulimva ukavala mphira. Supavaiza akangotembenuka, ndinkawavula n'kuponya m'thumba. Ndiye pali majumbo a zinyalala aja, akuda, omatirira kukamwa. Ndani amawatsegula ndi zala zouma? Umanyambita chala, n'kupekesa, jumbo n'kuyasama. Ndinkatero m'chipinda chilichonse.

Loweruka lina, kuzizira kutayamba, ndinalowa m'chipinda cha kumapeto kwa korido ya hatchi. Matawulo onse anali pansi m'bafa, onyowa, ounjikana. Sinki inali ndi madontho ponseponse ngati munthu amatsukiramo kanthu mothamanga. Ndinang'ung'udza ndekha kuti anthu olemera ndi auve. Ndinatola matawulo aja, ndinakwecha sinki ndi manja anga awa, ndinanyambita chala, ndinatsegula jumbo. Nthawi yopuma ndinadya buledi wanga ndi tiyi. Basi, ndinaiwala.

Panapita masabata. Tsiku lina madzulo tikuonera tivi, ndinangoona khomo la hotela yathu. Apolisi amanga chingwe, anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi akulowa ndi timakina m'manja.

"Iwe, si ku ntchito kwathu uko?" ndinafunsa mwana wanga.

Iye anakweza mawu a tivi, akumvetsera, nkhope ikusintha. Kenako anandiuza kuti munthu wina wamwalira m'chipatala, anamudyetsa poizoni, ndipo amene ananyamula poizoniyo anagona m'mahotela angapo n'kumasiya zotsalira paliponse pamene anagwira.

"Si poizoni wa makoswe, amayi. Amati radiyeshoni. Alibe fungo, alibe mtundu. Akakhala pakhungu mumasamba n'kuchoka. Koma akalowa m'kamwa kapena m'mphuno, amakakhala m'kati n'kumawotcha pang'onopang'ono."

"Nanga timakina akuyendetsa m'makomato? Sangandiyendetse ine?"

"Timakinato timamva wa pakhoma. Wa m'mimba mwa munthu sitimumva. Thupi limamutulutsa pang'onopang'ono mu mkodzo, ndiye amayeza mkodzowo. Njira yake ndi yokhayo."

Ndinayang'ana chala changa cha mkombaphala. Chinali chala basi, monga mwa masiku onse.

Anjira anatulukira patapita masiku ochepa, mkamwini wanga ali ku ntchito. Anafika akupuma mwamphamvu, chikwama chachikulu chili m'khwapa. Tinakhala atatu m'khitchini, mwana akugona. Anatulutsa chigubu cha pulasitiki chokhala ngati cha mafuta ophikira, koma cha kukamwa kwakukulu, n'kuchiika patebulo.

"A zaumoyo andiitana," anatero. "Akuti amene anakonza korido ija Loweruka lija ndi ine. Akufuna mkodzo wa tsiku lathunthu, usana ndi usiku wake."

"Ndiye mawa ndipita ndi amayi tikanene zoona," anatero mwana wanga. "Anthu a zaumoyo si apolisi. Akufuna odwala, sakufuna mapepala."

"Iwe mwana, ndinakubereka kumsana ine, usandiphunzitse Ingalande!" anakalipa anjira. "Wamva? Ukudziwa zimene amachita ndi munthu wobwereketsa dzina? Ntchito yanga yosamalira okalamba ithera pomwepo. Amayi akowa adzawakweza ndege ndi zovala za m'thupi zokha. Nanga iwe, unesi wakowo udzatsala?"

"Azakhali, moyo wa amayi ndi ntchito chachikulu n'chiti?"

Apo anjira anatsika pampando n'kugwada pa simenti ya m'khitchini. Munthu wamkulu, maondo ake otupa aja, kugwadira mwana woti anamusintha matewera.

"Chigubu sichidziwa nkhope," anatero. "Adzaze anjira angawa, ine ndikapereka. Yankho likabwera pa dzina langa, ndi lawo. Palibe amene aluze kanthu."

"Nanga akapezeka naye poizoniyo?" anafunsa mwana wanga.

"Tsiku limenelo ndidzapita ndekha kukaulula ndi pakamwa pangapa. Akafuna kundimanga adzandimange. Mulungu akundimva."

Mwana wanga anatsegula pakamwa kuti ayankhenso, koma ine ndinamudula. Ndinamukalipira kuti sukulu yamuchotsa ulemu, kuti amayi awa ndinadziwana nawo iye asanabadwe, kuti mawu awo ndi mawu anga. Anatuluka m'khitchini maso ali ofiira. Ine ndinadzutsa anjira, n'kuwasasa fumbi m'maondo.

Madzulo ake mwana wanga, atakwiya chomwecho, anandilangiza. Wa m'mawa woyamba mutaye, anatero, kenako kuyambira pamenepo dontho lililonse lilowe m'chigubu mpaka m'mawa winawo. Musataye ngakhale pang'ono, chifukwa chimene akufunafunacho n'chochepa ngati kachidutswa ka mchere m'chitsime. Chigubu chizikhala pozizira. Ndipo mpaka yankho libwere, mwana musamutafunire chakudya, musamupsompsone pakamwa. Kumunyamula kokha mungathe.

Kudzaza chigubu si ntchito. Ntchito inali mkamwini. Fulati yake yaing'ono, thoileti imodzi, ndipo kwathu mpongozi ndi mkamwini sakumana ngakhale pa njira ya kuchimbudzi. Ine nanga ndizituluka m'bafa nditakumbatira chigubu iye ali pa sofa? Ndinkadikira kuti alowe kuchipinda, n'kuthamanga monyang'ama ngati wakuba. Chigubucho ndinachikulunga m'chitenje n'kuchiika pakakhonde ka kunja, kuseri kwa njinga yake. Masana ndinamumva akufunsa mkazi wake mokondwa, "Kodi apongozi atiphikira thobwa? Ndaona chigubu pakhondepo, chikusasa eti?"

"Ukangochigwira ndikudula manja," anayankha mwana wanga.

Ine kuchipinda ndinadziphimba kumutu ndi bulangeti, manyazi ndi kuseka zikundigwira pamodzi. Madzi ndinkamwa mokakamiza, pakhosi pakukana, kuti chigubu chisachepe. Dontho limodzi silinapite pambali. M'moyo wanga wonse palibe ntchito imene ndinaigwira mosamala ngati imeneyo.

Kunyamula mwana anandiloleza, koma ine mtima unakana. Kamwana kaja kankakwawa n'kudzagwira chitenje changa, kakukweza manja, ine n'kumabwerera m'mbuyo manja nditabisa kumsana. Kankalira mpaka kusasa mawu, kakundiyang'ana ngati kakufunsa chimene kalakwa. Kanazolowera kuti nyama ya nkhuku ndimayamba ndaitafuna ine, n'kukapatsa ndi chala. Tsopano kankalavula ya supuni, n'kumayang'ana pakamwa panga.

M'mawa wachiwiri ndinatseka chigubu mwamphamvu, ndinachikulunga m'nsalu yathu ija yofanana, n'kuchiika m'chikwama. Ku Thamesmead kulibe sitima, umayamba basi. Ndinakhala chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri atachigwira, ndipo basi ikakhota ndinkamva khuvu khuvu m'katimo. Mayi wina wachizungu amene anakhala pambali panga anandimwetulira, mwina ankaganiza kuti ndanyamula supu wopita naye kwa wodwala. Kenako sitima, kenako ina ya pansi pa nthaka imene ndinkaidziwa ndi mtundu wake wa buluu wowala. Nditatulukira ku Tottenham, ndinadutsa pa sitolo ya nsomba zouma ndi pa tchalitchi cha pamwamba pa shopu ya matayala, mpaka pakhomo pawo.

Anjira analandira chigubu ndi manja awiri, atapinda maondo, monga timalandirira mwana wakhanda.

"Eee, anjira, mwadzaza ndithu! Kodi munamwa mtsinje wonse uja?"

"Musaseke, ine ndafa ndi manyazi kwa mkamwini."

"Pitani mukapume. Mawa m'mawa chikhala chili m'manja mwa adokotala."

Yankho linachedwa. Mwana wanga anati zigubu zachuluka, makina ake ndi ochepa, ndipo kuyeza kwake si kwa tsiku limodzi ngati malungo. Khirisimasi inadutsa ine ndikudyera pandekha, kapu yanga, mbale yanga. Mutu ukangondiwawa ndinkati ndi uja wayamba. M'mawa ndinkayang'ana pa pilo ngati tsitsi layamba kusosoka, chifukwa munthu uja pa tivi anamwalira ali mpala.

Ndiye tsiku lina masana tinangomva nthungululu pa masitepe. Lifiti inali itafa, koma anjira anakwera wapansi mpaka pamwamba, akululutira njira yonse, azungu oyandikana nafe akusuzumira m'zitseko.

"Mulibe kanthu! Aimba foni! Akuti mulibe kanthu, anjira, muli mbee!"

Ndinagwa pansi. Nditadzuka, ndinanyamula kamdzukulu kanga n'kukaponya kumsana, n'kuvina nako m'kakhitchini kaja mpaka mapoto kugwa. Panali nkhuku yotsala dzulo lake. Ndinang'amba kanyama, ndinatafuna bwinobwino, n'kukaika m'kamwa mwake ndi chala chomwe chija. Anjira ankawomba m'manja. Mwana wanga anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Azakhali, mundikhululukire, ndinakuyankhani mwano." Iwo anamusisita kumutu.

Ku hotela sindinabwererenso. Patapita zaka mwana wanga anandikonzera mapepala, ndinakhazikika. Nkhani ya chigubu ndinaisandutsa nkhani yanga yokondedwa. Ndinaifotokoza ku tchalitchi, pa maukwati, kwa amayi obwera kumene ochokera kwathu. Ndinkawasekesa ndi thobwa la mkamwini, kenako n'kumaliza kuti, m'dziko la eni lino pezani munthu mmodzi woti mungamupatse ngakhale mkodzo wanu. Anjira ankakhala pomwepo, akumwetulira, akuyang'ana pansi. Ine ndinkati ndi kudzichepetsa.

Chaka chathachi thupi linayamba kundilemera. Kukwera masitepe pang'ono, befu. Kuchipatala anati magazi achepa, ndipo anayamba kufufuza chifukwa chake. Dokotala wake, mtsikana wa mawu ofatsa, anafunsa mafunso ambiri mwana wanga akumasulira. Limodzi linali lakuti kodi ndinagwirapo ntchito pa malo a mankhwala oopsa. Ndinayankha modzitama kuti inde, koma anandiyeza mkodzo nthawi yomweyo, ndinalibe kanthu. Iye anagwedeza mutu n'kupitirira.

Kamdzukulu kanga kaja kanakula, kanakhoza mayeso opita ku yunivesite. Tinapanga phwando m'holo ina ku Wembley, Loweruka masana, kunja anthu a mpira akudutsa ndi nyimbo zawo. Anthu atadya, anati agogo alankhulepo. Ndinaimirira n'kufotokoza za mwanayu ali wakhanda, mmene ndinakanira kumunyamula masiku aja, ndipo mosapeneka ndinafika pa chigubu. Mkamwini wanga, amene tsopano ali ndi imvi, anabisa nkhope anthu akumuseka za thobwa. Nditamaliza ndinaloza anjira, anthu n'kuwomba m'manja.

Amuna awo aja a ku Chipata, amene anapuma pa ntchito ya mabasi, anali atakhala patebulo la kutsogolo, botolo lachiwiri kapena lachitatu lili m'manja. Ndi munthu wosasunga mawu m'kamwa, koma wopanda njiru. Anaseka mpaka misozi, kenako anakweza dzanja.

"Mulamu, nkhani mumaikamba bwino maningi, koma mumasiya mbali yanga! Amene anavutika ni ine. Inu mwangotuluka chabe pa geti, amayi aba anatenga chigubu chonse, khuthu mu toileti. Kutsuka na bulichi, kutsuka futi. Manje kuti adzaze chawo, ati phika tiyi. Tsiku lonse ine tiyi, tiyi, tiyi, monga nili na kantini!"

Anthu ena anaseka, poganiza kuti nthabwala ikupitirira. Ine ndinali ndidakali chiimire. Ndinayang'ana anjira. Sanaseke, sanakane. Anangogwira mphanda ya pulasitiki n'kumaipinda mpaka inathyoka.

Bambo aja anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana ine. "Ah. Kansi simunabauze? Zaka zonse izi?"

Sindinafune kuwononga phwando la mwana. Ndinayenda bwinobwino kupita ku khitchini ya holoyo, kumene kunali mapoto akuda ndi mpunga wotsala. Anjira ananditsatira n'kutseka chitseko.

"Mkodzo umene anayeza unali wa ndani?" ndinafunsa.

"Anjira, khalani pansi kaye."

"Unali wa ndani?"

"Wanga."

Anayamba kufotokoza mothamanga. Anati tsiku limene anakatenga chigubu, mayi wa ku ofesi ya zaumoyo anawauza kuti amene apezeke ndi poizoni adzaitanidwa, adzamutenga magazi, adzamufunsa kuti m'chipindamo munali motani, anagwira chiyani, ndipo azimuonaona kwa zaka. "Ine m'chipinda chimenecho sindinapondemo. Ndikanayankha chiyani? Magazi anga akanatsutsana ndi mkodzo wanu, zonse zikanaululika."

"Ndiye pamene munkagwada m'khitchini muja, munali mutamva kale zimenezo?"

Anatembenukira ku mapoto aja, ine ndinapitiriza.

"Munati mudzapita nokha kukaulula. Munatchula Mulungu."

"Mantha, anjira. Inu simunachitepo mantha? Ndipo taonani, mwafa? Zaka zonsezi mwadya, mwavina, mwagona tulo. Mukanapezeka naye akanakuchitani? Mukanangokhala ndi nkhawa mpaka kuuma. Ine ndinakupatsani mtendere."

"Mtendere umenewo unali wanu. Ndi inu amene munali mbee. Inu amene simunagwire thawulo ngakhale limodzi."

"Musakweze mawu, anthu amva."

"Ndinamutafunira mwana nyama tsiku lomwe lija. Malovu anga ndinaika m'kamwa mwake, inu mukuwomba m'manja."

"Mwanayo si uyo ali bwinobwino, akupita ku yunivesite?"

"Munadziwa bwanji tsiku limenelo kuti adzakhala bwino?"

Apo anangoti, "Zinatha kale izi, anjira. Tisakumbe zakale, takalamba." Anatambasula dzanja kuti andigwire paphewa. Ndinasuntha monga ndinkasunthira kuthawa kamwana kaja.

Mwana wanga anali atamva zonse kuseri kwa chitseko. Pobwerera kunyumba m'galimoto sananene kuti ndinakuuzani. Bwenzi zili bwino akananena. Anangoyendetsa, ndipo titaima pa maloboti anapukuta m'maso ndi mkono.

Tinabwerera kwa dokotala uja. Ndinamuuza mwana wanga kuti amasulire mawu anga onse osachotsapo, za dzina lobwereka, za chala, za matawulo. Kenako ndinati, ndipatseni chigubu china. Ndidzaza bwinobwino, ntchito yake ndikuidziwa, ndipo ulendo uno ndibweretsa ndekha.

Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto. Anati chigubu angandipatse, koma sichinena kanthu. Poizoni wa mtundu umenewo amatha mphamvu yekha pakapita miyezi, ndipo thupi limakhala litamutulutsa kalekale. Ngati analowa, zimene anachita anachita nthawi yomweyo n'kuchoka osasiya phazi. Mkodzo wa lero umanena za lero. Umene ukananena za Loweruka lija unali wa masabata omwe aja basi.

"Ndiye magazi angawa achepa chifukwa cha iyeyo kapena ayi?"

Anati sakuganiza choncho. Zifukwa zochepetsa magazi pa msinkhu wanga ndi zambiri, ndipo ambiri amene anayezedwa nthawi imene ija sanapezeke ndi woti n'kudetsa nkhawa. Za mdzukulu wanga anati ndisade nkhawa n'komwe. Anali munthu wabwino, ankafuna kundikhazika mtima pansi. Koma ine ndinamva mawu akuti ambiri. Ambiriwo anayezedwa, ochepawo anayezedwanso, aliyense anauzidwa zake. Ine sindili mwa ambiri, sindili mwa ochepa. Yankho langa linalipo, lathunthu, usana ndi usiku wake, losatayika dontho, ndipo ndinalinyamula ndekha pamiyendo kuchoka ku Thamesmead. Linapita m'thoileti ya ku Tottenham ine ndisanafike pokwerera basi.

Anjira anaimba foni kangapo, sindinayankhe. Anatuma amayi a ku tchalitchi kuti adzandiuze za kukhululuka. Ndinawaphikira tiyi, ndinawamvetsera, ndinawaperekeza mpaka pa lifiti. Mwina tsiku lina ndidzakhululuka, zimenezo ndi za ine ndi Mulungu. Koma chinjira chimayamba poyera, ndiye sichingathe mobisa.

Mbale yophimba ija ndinabwera nayo kuno kuchokera kwathu, maluwa ake anafufutika, m'mphepete inabenthukabenthuka. Ndinaitsitsa pamwamba pa kabati, ndinaitsuka, ndinaikulunga m'nsalu yathu yofanana, yomwe ija inakulunga chigubu. Mwana wanga anati andiperekeze pa galimoto, ndinakana. Ndinakwera basi, sitima, ndi ina ya buluu ija, katundu ali pamiyendo. Sitolo ya nsomba zouma idakalipo. Masitepe a pa siteshoni ndinakwera mopumira.

Anatsegula chitseko ndi anjira eni ake. Ataona nsaluyo anadziwa. Anabisa manja kumsana.

"Anjira, musatero."

"Landirani, mayi."

Chiyambire tili atsikana ndinali ndisanawaitanepo choncho. Poti manja anakana kutulutsa, ndinawerama n'kuika katunduyo pakhomo, pafupi ndi mapazi awo. Amuna awo anatulukira kumbuyo, atavala masilipasi, nkhope yamanyazi.

"Mulamu, ni ine ninalakwa, kamwa yanga iyi. Ngenani chabe, mumweko ka tiyi."

"Zikomo alamu. Inu simunalakwe. Koma tiyi wa pakhomo pano ntchito yake ndinaimva."

Nditafika kunyumba ndinaitana mwana wanga kuchipinda. Ndinamuuza kuti tsiku langa likadzakwana, kaya ndi magaziwa kaya ndi china, kumutu kwanga adzakhale iyeyo. Mayi aja akadzabwera adzawalandire, adzawapatse mpando ndi chakudya monga mlendo wina aliyense, koma adzakhale kumbuyo, pamodzi ndi anthu a ku tchalitchi.

"Ndamva, amayi," anatero.

Anakhala nane pabedi kanthawi. Kenako anadzuka kukandibweretsera mapilitsi anga a magazi ndi kapu ya madzi.